Ndalama za kafukufuku wa masters mumazipeza kuti anzanga?

Nankhoma_wa_ku_Mkanda:
Moni nonse. Ndili chaka chachiwiri cha masters ya zaulimi, makalasi ndamaliza ndipo pulopozo idadutsa ku dipatimenti mwezi wathawu. Fizi ndimalipira ndekha ndi kamalipiro ka uphunzitsi wa ku sekondale, ndiye pofika pa kafukufukupa m'thumba mwayera.

Mutu wanga ndi chuku mu mtedza kwathu ku Mchinji, mbali za Mkanda ndi Kalulu. Kwathu anthu akamaswa mtedza amawaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke, kenako n'kuthira m'thumba usanaumenso. Ena amayanika pansi padothi, ena adaphunzira kuunjika mwa Mandela cock, njira younjika mtedza ndi masamba ake omwe kuti uume ndi mphepo. Ndikufuna kuona kuti njira zimenezi zikusiyanitsa bwanji kuchuluka kwa aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, poti ku Ulaya mtedza wodya salola ukapyola 4 ppb (magawo anayi pa biliyoni).

Bajeti yanga yapitirira K3 miliyoni: ofunsa mafunso, mayendedwe, koma chachikulu ndi kuyeza masampulo ku labu. Ku dipatimenti akuti ndidikire, mwina kubwera kenakake. Koma mtedza sudikira. Amakumba mu April ndi May, pofika July mavenda amakhala atasesa. Nyengoyi ikandidutsa ndiye kuti chaka chathunthu chapita, fizinso ina. Amene munadutsamo, munatani?

Chule_wa_ku_Bunda:
Achemwali, musataye nthawi kulondera ofesi ya a HOD, mkulu wa dipatimenti. Ndalama za kafukufuku zimakhala m'mapulojekiti a aphunzitsi, dipatimenti imangodinda sitampu. Ine yanga idachokera ku RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite uja likulu lake lili ku Kampala. Koma wolemba pempho sindidali ine. Amapempha ndi mphunzitsi, ndipo mu bajeti yake amaikamo malo a ophunzira a masters, ndiye iwo akapambana amafuna anthu.

Mukapita kwa a supavaiza musafunse kuti "kodi muli ndi ndalama?" chifukwa yankho mukulidziwa kale. Afunseni kuti ndani pasukulupo ali ndi pulojekiti ya mtedza kapena ya kasungidwe ka mbewu, ngakhale akhale wa dipatimenti ina. Pitaninso ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi, a ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu, ali pomwepo ndipo mtedza ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Tengani tsamba limodzi lokha lofotokoza zomwe mukufuna, osati chipulopozo chonse.

Mudziwiretu kuti ndalama ya mwini imabwera ndi zofuna za mwini. Ine ndinkafuna za nandolo, ndidathera pa soya.

Mphunzitsi_wa_imvi:
A Chule anena zoona, ngakhale za sitampuzo atinyoza. Ine ndimayang'anira ophunzira, ndiye ndiyankhule ngati supavaiza wanu.

Chepetsani kafukufukuyo. Ophunzira ambiri amalemba pulopozo ya PhD n'kuitcha masters. Woyesa wochokera kunja sadzakupatsani malikisi chifukwa mudayenda midzi yambiri, adzaona ngati funso lanu ndi njira yanu zikugwirizana. Tengani dera limodzi, Mkanda poti ndi kwanu ndipo pogona simulipira. Mafunso ikani pa foni ndi KoboCollect, ndi yaulere, mapepala ndi wolowetsa deta mwapulumuka. Alangizi a zaulimi a m'deralo ali ndi mayina a makalabu a alimi, ayambireni iwowo. Ndalama yomwe yatsala ipite ku labu, chifukwa popanda manambala a aflatoxin muli ndi nkhani chabe.

Tsono za bajeti. Zipangizo zoyezera zimachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ophunzira amene adavomerezedwa ndalama m'makwacha miyezi ya m'mbuyo mwake adapezeka kuti zomwe adalemba sizikukwaniranso, ndipo wopereka sawonjezera. Pitani ku labu akupatseni koteshoni yolemba, muike tsiku lake mu bajeti, musiyenso kagawo ka zogwa mwadzidzidzi.

A NCST, bungwe la boma loona za sayansi ku Lilongwe, amalengeza nthawi zina mwayi wa ndalama za kafukufuku, muziyang'ana pa tsamba lawo. Koma musaike mtima wonse pamenepo pa nyengo ya chaka chino. Pempho lililonse limatenga miyezi, ndipo ndalama ikabwera nthawi zambiri imalowa mu akaunti ya yunivesite, osati mwanu. Kuti ituluke pamafunika fomu, masiginecha, ndipo gawo lachiwiri silituluka musanabweze malisiti a loyamba. Apa ndi pomwe ambiri amalira. Wakabaza wa ku Kamwendo alibe buku la malisiti. Yendani ndi pepala lanu lolembapo tsiku, ulendo, ndalama, iye asayine kapena adinde chala, ndipo mufunsiretu kwa akawuntanti ngati pepala lotero amalilandira.

Chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa mwapempha kale? Mukufunsa anthu mafunso, ndiye n'chofunika, ndipo nachonso chili ndi fizi ndi nthawi yake yodikira. Yambani sabata ino.

Zachuma265:
Ine ndiye ndimadabwa nanu okonda kumunda. Deta ya IHS5, kafukufuku wa mabanja wa NSO (ofesi ya boma ya ziwerengero), ya 2019 mpaka 2020, ili pa intaneti kwaulere pa tsamba la World Bank, mabanja oposa 11,000 dziko lonse, za mtedza zilimo. Ine thesisi yanga ndidawonongera bandulo basi.

Nankhoma_wa_ku_Mkanda:
A Zachuma, ndidayiona. Ili ndi zokolola ndi zogulitsa, koma palibe adayeza chuku m'thumba la munthu. Ingandithandize pa chaputala choyamba chokha.

Nasibeko_Stellenbosch:
Mng'ono wanga, poti ena akutumizirani mndandanda wa masikolashipi ku inbox, ndikuchenjezeretu. DAAD, Beit Trust, Canon Collins, zonsezi ndi zenizeni ndipo Amalawi amapita nazo, koma nthawi zambiri zimatenga munthu poyambira maphunziro. Sizipangidwira wotsala ndi kumunda kokha. Zisungeni za m'tsogolo, ndipo pa PhD muwonjezepo OWSD, imene ndi ya amayi a sayansi okhaokha. Chimene chidzakuthandizeni nthawi imeneyo ndi pepala limodzi losindikizidwa kuchokera mu masters yomweyi, ndiye deta yanu muisamale ngakhale ichepe.

Ndipo malinki a pa WhatsApp onena kuti tumizani ndalama yolembetsera pa Airtel Money kuti mulandire grant, amenewo ndi akuba. Wopereka weniweni salipiritsa pempho.

Nankhoma_wa_ku_Mkanda:
Zikomo nonse. Kalulu ndamuchotsa, ngakhale mtima ukuwawa. Mafunso ndifunsa ndekha pa holide ya April, mlongo wanga azindikweza pa njinga yamoto. Koma a Mphunzitsi, ya labu ikapanda kupezeka pofika May?

Mphunzitsi_wa_imvi:
Tolerani masampulo basi. Aflatoxin sathawa, choopsa n'chakuti chuku chingapitirire kukula mtedzawo uli m'manja mwanu, manambala n'kukwera. Sampulo iliyonse m'kajumbo kake kotseka bwino, nambala mkati ndi kunja, mulembe tsiku lomwe mwatenga, ndipo zifike mu firiza msanga. Pemphani malo mu firiza ya labu yomwe ili ndi jenereta, osati ya kunyumba. Mungathe kuyeza mu August ndalama ikapezeka. Mtedzawo muwagule alimiwo pa mtengo wa pamsika, ikaninso zimenezo mu bajeti.