Ana a Sitandade 5 amandimvera pokhapokha ndikakalipa

Funso la mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Ndikuphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya pulayimale ya kumudzi, ndipo ana olembedwa mu rejisitala yanga ndi oposa 90. Kukoleji anatiuza momveka bwino kuti kukwapula mwana n'koletsedwa, choncho mkwapulo sindigwira, koma ndimakuwa kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, moti pofika Lachinayi mawu amakhala atasasa. Chondidabwitsa n'choti ana omwewo, akangolowa amayi ena achikulire amene amaphunzitsa masamu, amakhala chete ngakhale amayiwo salankhula mokweza. Kodi ndi nkhani ya msinkhu chabe, kapena pali pomwe ndikulakwitsa?

Yankho la ahedi opuma pantchito

Aphunzitsi, msinkhu umathandizako, koma si umene ukutontholetsa anawo. Ndinali kale pantchito mu 1994 pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa sukulu m'Malawi muno n'kuchuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tinkaphunzitsira pansi pa mitengo, ndipo ambiri mwa aphunzitsi amene analembedwa mofulumira nthawi imeneyo anali asanapite kukoleji. Ndinaona kuti makalasi aphokoso kwambiri sanali a aphunzitsi ofatsa, anali a aphunzitsi osinthasintha: lero mwana wabwera mochedwa amuseka naye, mawa mwana yemweyo amutuma kukakumba dzenje chifukwa malipiro achedwa ndipo aphunzitsiwo adzuka atakwiya. Mwana wotere sadziwa lamulo, amangoyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati lero kwacha bwino, ndipo tsiku lililonse amayesa kuti aone pomwe mulekezere.

Pemphani amayiwo kuti mukakhale kumbuyo kwa kalasi yawo tsiku limodzi. Ndikukhulupirira mukapeza kuti amachita zinthu zochepa, koma zomwezomwezo tsiku ndi tsiku. Mnzanga wina ankaima pakhomo ana akamalowa kuchokera ku asembule, ankawapatsa moni powatchula mayina, kenaka ankaima pakati pa bolodi n'kukweza dzanja osanena kanthu mpaka mzere womaliza utakhala chete. Sabata yoyamba ankatha kuima choncho mphindi zisanu zathunthu, koma pofika pakati pa teremu dzanja likangokwera ana ankatontholetsana okha. Wosokoneza ankamuyandikira n'kumunong'oneza kuti atsale poweruka, ndipo sankaiwala kumutsalitsa, ngakhale atakhala mwana wa amfumu.

Yankho la kholo la m'komiti ya sukulu

Ndikugwirizana ndi ahedi, komabe ndikufuna kuwonjezera zimene ife makolo timamva kunyumba. Ana amaona zonse. Mwana wanga anandifunsa chifukwa chake iye amapatsidwa chibalo chotchetcha udzu akachedwa, pamene aphunzitsi amene amaima pageti ndi kamtengo nawonso amafika belu litalira kale masiku ena. Ndinasowa chomuyankha. Palinso atsikana amene amachedwa chifukwa amayamba atunga madzi kumjigo, ndipo akafika amakawatchetchetsa udzu anzawo akuphunzira, ndiye kuti ataya phunziro kawiri. Mphunzitsi wodekha amapeza mpata wofunsa kaye chimene chachedwetsa mwana, ndipo nkhani zina zimathera kwa amayi a m'gulu loona za atsikana pasukulupo, osati pa chikwanje.

Yankho la mphunzitsi wa Sitandade 8

Ine ndichenjeze pang'ono, chifukwa ena akamva za kudekha amaganiza kuti ndi kulekerera. Sichoncho ayi. Chimene mwanena kuti chichitika mwana akalakwa chiyenera kuchitika ndithu, kungoti chichitike popanda kumunyoza kapena kumutchula kuti mbuli pamaso pa anzake, chifukwa mawu amenewo mudzawamva akubwerezedwa pa mzere wa phala, wamkulu akukalipira wamng'ono ndi mawu anu enieni.

Chachiwiri n'choti nokha simungapite patali. Ngati inu mukuletsa kudya m'kalasi koma wolowa pambuyo panu akuloleza, ana adzati inuyo ndinu ovuta basi. Kwathu tinakambirana pa msonkhano wa aphunzitsi n'kugwirizana malamulo atatu okha a sukulu yonse, tinawafotokozera makolo pa msonkhano wa bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), ndipo tinasiya kutuma monita kuti azilemba mayina a olongolola ife tikatuluka, popeza tinapeza kuti ankalemba amene wayambana nawo n'kusiya anzake a mpira. Mukhozanso kupempha a PEA, omwe ndi alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni yanu, kuti nkhaniyi idzakambidwe aphunzitsi a zoni yonse akadzakumana ku TDC, malo ochitirako maphunziro ndi misonkhano ya aphunzitsi.

Wofunsa uja wayankhanso

Zikomo kwambiri nonse. Ndinakakhala m'kalasi ya amayi aja Lachiwiri, ndipo ndinawerenga kuti pa phunziro lonse anadzudzula ana awiri okha, onsewo mowanong'oneza, koma anayamikira ana asanu ndi mmodzi powatchula mayina. Ine mayina ndikudziwa osakwana theka, makamaka a ovutitsa okhaokha. Ndayamba kuloweza mzere umodzi patsiku, ndipo nkhani ya monita ndikaitula kwa ahedi a sukulu yathu Lachisanu.