Zinc wa ana uja ndigule kapena ndisiye?

Mayi wa ku Nchalo: Azimayi anzanga ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wa chaka ndi theka chifuwa sichikumutha, akachira sabata ino yamawa chayambiranso, ndiye pa famase ina akuti ndigule zinc wamadzi uja azimwa tsiku lililonse ati amateteza chibayo. Koma botolo lake ndi lodula zedi, ndigule?

Mayi wa ku Bangula: Asisi zinc si wa m'mimba uja? Ife mwana akatsegula amatipatsa ulele pamodzi ndi Thanzi ORS, za chifuwazi ndikuzimva lero

Mlangizi wa zaumoyo ku Ngabu: Eya amayi, pa kutsegula m'mimba ndiye palibe chokayika, 20mg patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, osakwana miyezi 6 timawapatsa theka. Pa chibayo kafukufuku anaonetsa kuti amachepetsako pang'ono, makamaka kwa ana amene zinc ndi wochepa kale m'thupi, ndipo oterowo ndi ambiri, kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa 2015-16 anapeza ana 6 mwa 10 aliwonse osakwana zaka 5 akumusowa chifukwa nsima yathuyi kaya ya chimanga kaya ya mapira imatchinga thupi kuti lisamuyamwe bwino. Koma sachiza chifuwa chomwe chayamba kale ayi, ndipo mukachulutsa mwana amasanza.

Bambo wa ku Makhanga: Ndiye mwavomera nokha kuti amathandiza achimwene. Kuno chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023 ana ambiri akudya phala lopanda kanthu, ine ndikanagula basi

Mayi wa ku Bangula: Abambo ndalama ya botolo limodzi imeneyo mugule usipa musinje muziika m'phala, nsinjiro, dzira, nsomba za ku Elephant Marsh zili pafupi pompa, chiwindi cha mbuzi pa msika osasowa. Botolo likatha mudzagulanso ndi chani?

Mlangizi wa zaumoyo ku Ngabu: Ine chikundidetsa nkhawa ndi chifuwa chobwerezabwerezacho. Mayi a ku Nchalo buku la kusikelo likuti bwanji, katemera wa chibayo uja anayamba mu 2011 anabaya onse atatu? Sikelo ikukwera? Nanga mukamaphika ndi nkhuni amakhala kumsana mu utsi momo? Komanso ngati pakhomo pali wina wotsokomola nthawi yaitali akayezetse TB. Mukaona akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa m'kati musadikire kuche, thamangani kuchipatala.

Mayi wa ku Nchalo: Katemera anamaliza koma sikelo yaima miyezi ingapo tsopano, ndipo kumsana ndiye sachoka nkamaphika, womusiyira palibe

Bambo wa ku Makhanga: Aaa ngati sikelo yaima pitani kaye mlongo, adokotala akanena kuti zinc ndi pomwe mugule

Mayi wa ku Nchalo: Takhuta nonse. Mawa m'mawa ndilawirira naye kuchipatala, buku ndaika kale m'chikwama, botolo lija libadikira