Mwala wabuluu uja ndi galasi, abale

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati mwala umene ndinagula mumsewu kuno ku Lusaka ndi aquamarine weniweni wa ku Lundazi, mwala wamtengo wapatali wabuluu. Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndiuyang'ane ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10. Mayo ine! M'kati mwake muli timathovu tozungulira, chizindikiro cha galasi. Nditaukanda ndi kachidutswa ka mwala wolimba wotchedwa quartz unakandika, chonsecho aquamarine ndi wolimba kuposa quartz. Wogulitsayo sanaonekenso.

Pa miyala yanga, amethyst (mwala wamtengo wapatali wapepo) wa ku migodi ya ku Mapatizya, kumwera kwa Zambia, yekha ndiye weniweni, koma ndamuchotsa pawindo chifukwa dzuwa limafwifwitsa mtundu wake. Miyala ndaisiyanitsa m'timatumba kuti isamakandane. Mukamapita kukagula, tengani kagalasiko, ndipo mwalawo muuone kunja kukuwala.