Mapepala a kaputeni wa nkhondo ya ku Burma: tiwasunge pakhomo kapena tiwapereke?

Mdzukulu wa ku Chitakale:
Malemu agogo athu aamuna, omwe anali sajeni m'gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR), anatisiyira bokosi lachitsulo momwe muli makalata ndi kabuku ka tsiku ndi tsiku ka kaputeni wina wachingerezi amene anamenya naye nkhondo ku Burma mu 1944. Nkhondo itatha, kaputeniyo anadzagwira ntchito pa esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo pobwerera kwawo anasiya zonsezi m'manja mwa agogo. Tsopano chinyezi cha chiperoni chayamba kumatiriza masamba, njenjete nazonso zadya m'mphepete. Kodi mapepalawa tipite nawo kuti?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Bambo, malo ake enieni ndi ku National Archives, malo a boma osungira mapepala akale, ku Zomba, komwe kunalinso likulu la asilikali a KAR a dziko lino. Kabukuko musakapeputse. Mabuku ankhondo a magulu ambiri a asilikali anapita kumalo osungira mapepala akale a boma la Britain ku Kew, ku London, koma kawirikawiri amatchula mayina a akuluakulu achizungu okha, pamene asilikali akuda amangowawerenga kuti ovulala angati, omwalira angati. Ngati kaputeniyo ankalemba mayina a anyamata ake, midzi yawo kapena mafumu awo, ndiye kuti muli ndi zinthu zimene mabanja ena ku Phalombe ndi ku Thyolo sanazimvepo chiyambire 1945. Poyang'ana mbiri ya agogowo, chofunika kwambiri ndi nambala yawo yausilikali, chifukwa mayina ankalembedwa mosiyanasiyana malinga ndi khutu la kalaliki.

Mayi a ku Bvumbwe:
Aphunzitsi anena zoona, koma ine sindingathamangire kupereka. Yambani mwajambula tsamba lililonse ndi foni pamalo owala bwino, kuti abale onse akhale nazo. Chotsani mapini adzimbiri, musamate ndi selotepi, musakakamize kulekanitsa masamba omatirira, ndiponso musayanike padzuwa chifukwa inki yakale imazilala. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre, nayonso imasunga mapepala akale, ndipo ili pafupi kusiyana ndi Zomba.

Mdzukulu wa ku Chitakale:
Zikomo kwambiri nonse. Nambala ija ilipo pa chikalata chomwe anawapatsa powatulutsa usilikali, ndipo m'kabukumo muli mayina ambiri achilomwe ndi achiyao. Kujambula tiyamba sabata ino, koma zopereka ziyembekeze malume, chifukwa mwini mbumba ndi iwowo.