Botolo la Ayer's Hair Vigor: zaka zake tingazidziwe bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu, botolo la mankhwala a tsitsi lolembedwa Ayer's Hair Vigor tingalidziwe bwanji kuti ndi lakalekale? Nanga chifunga cha mkati chimachoka?

Yankho 1: Achimwene, yang'anani mzere wa chikombole m'mbali mwake. Ukathera pakhosi, ndiye kuti mlomo anaumaliza ndi manja. Ukafika pamwamba penipeni, ndi la makina, ndipo makina a Owens oumbira mabotolo anabwera mu 1903. Kampani yopanga mankhwalawa, ya J. C. Ayer, inali ku Lowell, Massachusetts, ku America.

Yankho 2: Ngati mwatsala madzi, musalawe kapena kudzola. Mankhwalawa ankaikamo mtovu ndi salifa, n'zomwe zinkadetsa imvi pang'onopang'ono. Kunena kuti amameretsa tsitsi kunali kukometsa malonda chabe. Lamulo loletsa kunama pa zolemba za mankhwala linadza ku America mu 1906.

Yankho 3: Za chifungazo, liviikeni m'madzi ofunda pang'ono a sopo masiku awiri, kenako thiranimo mpunga wosaphika supuni imodzi n'kukhutchumula. Madzi otentha ayi, galasi lakale limang'aluka msanga. Likauma n'kuyeranso mbuu, ndiye kuti chinyezi chinadya galasilo, sopo sangathandize. La pepala lake musaliviike n'komwe, mtengo wagona papepalapo.