Ndavulala mnofu wakumbuyo kwa ntchafu: ndingabwerere liti ku deadlift?

Mnyamulazitsulo

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa. Pochita Romanian deadlift (kuwerama m'chiuno n'kutsitsa chitsulo cholemera motsata miyendo, mabondo atapindika pang'ono) ndinamva ululu wobaya kumbuyo kwa ntchafu yakumanja chitsulo chitangodutsa mabondo potsika. Sindinamve ngati china chaduka. Lero ndi tsiku la 5. Ndikuyenda koma motsimphina, masitepe akundivuta, ndipo khungu lada chakumunsi kwa pomwe pakuwawa. Kodi nditikite ndi kuwongola mwendowu? Ndipitirize kumwa ibuprofen? Nanga ndidzadziwa bwanji kuti nthawi yobwerera ku zitsulo zolemera yakwana?

Physio_wampira

Pepani achimwene. Tisanakambe zobwerera ku jimu, tiyambe taona ngati simukufunika kuchipatala msanga.

Kumbuyo kwa ntchafu kuli minofu itatu yotchedwa hamstring: biceps femoris chakunja, semitendinosus ndi semimembranosus chamkati. Kumtunda imagwira pa fupa la m'thako lija timakhalira. Lipezeni fupalo ndi chala, kenako tsikani pang'onopang'ono mpaka mufike pomwe pakuwawa kwambiri, muyeze mtunda wake. Ululu ukakhala pakati pa ntchafu, m'mnofu weniweni, nkhani ndi yabwinoko, chifukwa pamenepo magazi amafika ambiri ndipo pamapola msanga. Ukakhala pafupi ndi fupalo, mwina wakhudzidwa ndi mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, ndipo kumeneko kupola kumatenga miyezi. Kuvulala kobwera mnofu uli chitambasukire kumakonda kugwera kumtundako, n'chifukwa chake ndikufunsa.

Pitani mukaonedwe sabata ino ngati kuda kwa khungu kwafalikira ntchafu yonse mpaka kuseri kwa bondo, ngati mukumva kadzenje m'mnofu mukapapasa, ngati mutagona chafufumimba simungapinde bondo, ngati kukhala pampando sikukutheka, kapena ngati dzanzi likutsika mpaka kuphazi. Mtsempha waukulu wa sciatic, wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi mwendo, umadutsa pafupi pomwepo. Mtsempha wa mnofu ukachoka pa fupa, opaleshoni imayenda bwino m'masabata oyambirira; mukachedwa, mnofu umabwerera m'munsi n'kumatirira kwina.

Kung'ambika kumagawidwa patatu. Kwa giredi 1 munthu amachira pa sabata 1 mpaka 3, kwa giredi 2 masabata 4 mpaka 8, kwa giredi 3 miyezi 3 kapena kupitirira. Kutsimphina ndi kuda kwa khungu kukuloza ku giredi 2, koma giredi saipereka pa intaneti.

Za kutikita ndi kuwongola mwamphamvu: ayi, osati pano. Pomwe pang'ambika thupi likumanga chipsera cholumikiza mbali ziwirizo, ndipo m'masiku 10 oyamba chipseracho ndi chofewa ngati simenti yosauma. Mukachikoka chimatseguka, mukachikanya ndi zala magazi amayambanso kutuluka mkati. Kukungika komwe mukumva sikutanthauza kuti mnofu wafupika. Ukudziteteza.

Koma kugona osachita kanthu n'kulakwanso. Mnofu umene sukugwira ntchito umaonda, ndipo chipsera chimakula chosalongosoka. Yambani lero izi. Gonani chagada, pindani bondo, kanikizani chidendene pansi kwa masekondi 10 popanda mwendo kusuntha, maulendo 6, katatu patsiku. Zikamapepuka, sunthirani chidendene kutali ndi thako. Onjezani bridge ya miyendo iwiri (kugona chagada mabondo atapindika n'kukweza chiuno m'mwamba), ma seti 3 a maulendo 10, ndi njinga ya m'jimu yopepuka kwa mphindi 10 mpaka 15.

Kenako pali masewera atatu a Carl Askling wa ku Sweden. Mu kafukufuku wake wa 2013 pa osewera mpira 75, amene anachita masewera olimbitsa mnofu uli wotambasuka anabwerera m'bwalo pa avereji ya masiku 28, pomwe a masewera achizolowezi anatenga masiku 51. Anayamba pa tsiku la 5, ngati lanuli.

Extender: gonani chagada, gwirani ntchafu ndi manja itaima chilili, wongolani bondo pang'onopang'ono mpaka ululu utatsala pang'ono kuyamba, bwererani. Ma seti 3 a maulendo 12, kawiri patsiku.

Diver: imani pa mwendo wovulala bondo litapindika pang'ono, weramirani kutsogolo manja atatambasuka, mwendo winawo ukukwera kumbuyo. Ma seti 3 a maulendo 6, kudumphitsa tsiku limodzi.

Glider: gwirani chitsulo chokhazikika, thupi litsamire pa chidendene cha mwendo wovulala kutsogolo, mwendo wabwino utsetsereke chakumbuyo pa kansalu. Pobwerera dzikokeni ndi manja, osati ndi mwendo wovulalawo. Ma seti 3 a maulendo 4, kamodzi pa masiku atatu. Iyi ndi yovuta, muiyambe diver itakhazikika.

Pa ululu, yezani kuchokera pa 0 mpaka 10. Jack Hickey ndi anzake ku Australia anaonetsa mu 2020 kuti kulola ululu kufika pa 4 pochita masewera sikunachedwetse kuchira, ndipo mphamvu zinabwerera bwino. Chiweruzo chenicheni chimabwera m'mawa mwake: mukadzuka mwendo ukuwawa kuposa dzulo, munapyola malire, bwererani pa mlingo wam'mbuyo.

KochiWamkulu

A Physio afotokoza bwino. Ndingosiyana nawo pang'ono pa 4 uja. Anthu onyamula zitsulo anazolowera kupirira, ndiye chimene iwo amati 4 kwa ena ndi 7. Achimwene, malire anu akhale 2 kapena 3, ndipo ululu wobaya pamalo amodzi, ngakhale wochepa, ndi chizindikiro chosiya seti pomwepo.

Ku jimu mukhoza kubwerera mawa, nkhani ndi yosankha zochita. Za pachifuwa, mapewa ndi mikono pitirizani. Barbell row yowerama isiyeni kaye, chifukwa imasunga hamstring itatambasuka ndi katundu. Gwiritsani ntchito row yotsamira chifuwa pa benchi. Mwendo wamanzerewo muziulimbitsa paokha pa leg press (makina okankha katundu ndi mwendo) ndi leg curl (makina opinda bondo mokoka katundu). Kulimbitsa mwendo wabwino kumathandiza kuti wovulala usataye mphamvu zambiri, chifukwa mbali ina ya mphamvu imachokera ku ubongo ndi mitsempha yake.

Zitsulo za miyendo zibwerere motsatana, kuyambira zomwe sizikoka hamstring kwambiri. Poyamba leg press ndi squat yofikira pa bokosi. Kenako hip thrust (kukweza chiuno ndi katundu, msana utatsamira pa benchi) ndi leg curl yogona chafufumimba. Leg curl yokhala pansi ibwere pambuyo, popeza chiuno chikapindika mnofuwo umakhala wautali kale. Romanian deadlift ndi yomaliza, ndipo poyamba chitsulo chizilekezera pa bondo, mutaika mapini a rack pamenepo kuti musapitirire mosadziwa.

Katundu yambani ndi 30 mpaka 40 peresenti ya amene munkanyamula. Ngati munkachita ndi makilogalamu 100, ikani 30 kapena 40, ngakhale anzanu akusekeni. Ma seti 3 a maulendo 8 mpaka 10, kutsika kwa masekondi 3 kapena 4, kawiri pa sabata, pakati pakhale maola 48 mpaka 72. Sabata iliyonse sinthani chinthu chimodzi chokha: muonjezere katundu ndi 5 mpaka 10 peresenti, kapena mutsitse mapini bowo limodzi. Mukasintha zonse ziwiri n'kumva ululu, simudziwa chalakwa ndi chiti.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu ululu umatha, munthu amayenda bwinobwino, n'kuganiza kuti wachira. Ululu umatha msanga kuposa mmene mphamvu zimabwerera, ndipo kuvulalanso kwambiri kumachitika m'masabata oyamba munthu atangobwerera, kawirikawiri pamalo omwe aja. Choipa china, pa masewera a miyendo iwiri mwendo wabwino umasenza katundu wa unzake mwakachetechete. Jambulani vidiyo chakumbuyo: chiuno chikamathawira kumanzere kapena chitsulo chikamapendekeka, wakumanja sunakonzeke.

Choncho musawerenge masiku, yezani. Pa leg curl ya mwendo umodzi, wovulala ufike pa 90 peresenti ya wabwino. Pa bridge ya mwendo umodzi chidendene chili pa benchi, maulendo a mbali ziwiri afanane kapena asiyane pang'ono chabe. Mutagona chagada, miyendo yonse ikwere mofanana bondo lili lowongoka. Mukakanikiza pomwe panavulala pasawawe. Zikatheka zonsezi m'pamene mungayandikire katundu wanu wakale.

Muonenso chomwe chinakuvulazani. Pa Romanian deadlift zolakwa zake n'zodziwika: kuumitsa mabondo, kutsika kupyola pomwe chiuno chalekezera kubwerera m'mbuyo, kudzutsa chitsulo mwankhanza pansi, kulumpha makilogalamu ambiri nthawi imodzi, ndi kuiika kumapeto miyendo itatopa kale.

Nordic curl (kugwada wina atakugwirani akakolo, n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono) muiyambe zonse zikamayenda bwino, ma seti 2 a maulendo 5 kamodzi pa sabata, ndipo musadzaisiye. Kafukufuku wa 2011 pa osewera mpira 942 ku Denmark anaonetsa kuti imachepetsa kwambiri kuvulala kwa hamstring, makamaka kwa amene anavulalapo kale. Masiku oyamba imasiya minofu ikuphwanya, musadabwe.

Namwino_wausiku

Ine ndiyankhe za mankhwala. Pa tsiku la 5, ngati mukugona bwino, ibuprofen sakufunikanso. Kutupa kwa masiku oyamba ndi mbali ya ntchito yokonza mnofu, n'chifukwa chake malangizo osamalira minofu yovulala otchedwa PEACE and LOVE a Blaise Dubois ndi Jean-Francois Esculier a 2019 amati mankhwala oletsa kutupa apewedwe poyambirira. Ngakhale Gabe Mirkin, amene anayambitsa RICE (kupumula, kuika ayezi, kumanga bandeji ndi kukweza povulala) mu 1978, anadzanena yekha kuti ayezi wambiri ndi kupumula kotheratu zingachedwetse kuchira. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena BP asamale kwambiri ndi ibuprofen ndi diclofenac. Ululu ukavuta usiku, paracetamol ndi wokwanira: munthu wamkulu 1 g pa nthawi, patadutsa maola osachepera 4 mpaka 6, osapyola 4 g pa maola 24. Ndipo musamwe mankhwala opha ululu musanayambe masewera aja, mudzasokoneza muyezo umene a Physio ndi a Kochi akupatsani.

Chenjezo limodzi lofunika: katumba wa mwendo (mnofu wa pansi pa bondo chakumbuyo) akatupa, kutentha ndi kuwawa mbali imodzi, mwina magazi aundana mumtsempha wamkati. Musatikite, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Zikaphatikizana ndi befu kapena kuwawa pachifuwa, ndi zadzidzidzi.

Musachepetse chakudya kwambiri poopa kunenepa. Mapuloteni akhale pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu ya thupi patsiku, kutanthauza magalamu 120 kwa munthu wa makilogalamu 75, ogawidwa m'zakudya zitatu kapena zinayi. Tulo maola 7 mpaka 9. Mowa usiyeni kaye.

Mnyamulazitsulo

Zikomo kwambiri nonse. Ndayeza: pakuwawa pali masentimita pafupifupi 13 pansi pa fupa lija, chakunja. Kadzenje palibe, dzanzi palibe, bondo ndikupinda. Koma kuda kwa khungu kukutsikira ku bondo. Ndide nkhawa? Nanga kuthamanga ndi kuthowa ndi madzi ofunda?

Physio_wampira

Malo amenewo akuoneka kuti ndi biceps femoris, patali ndithu ndi fupa, zomwe n'zolimbikitsa. Kuda kwa khungu kumatsika chifukwa magazi omwe anatuluka kale amayenderera chakumunsi, ndipo kudzasanduka kobiriwira kenako kwachikasu. Chodetsa nkhawa n'chakuti ntchafu izitupirabe, iziuma, ululu uzikula.

Kuthowa n'kololedwa tsopano popeza maola 72 adutsa: mphindi 10 mpaka 15 musanayambe masewera, madzi ofunda, osati otentha.

Kuthamanga kudikire mpaka muziyenda ndawala popanda ululu kapena kutsimphina. Yambani mothamanga pang'onopang'ono, kenako timaulendo ta mamita 30 mpaka 40 pa theka la liwiro lanu. Kwerani kufika pa 70, 80 ndi 90 peresenti, gawo lililonse muchite kawiri popanda vuto m'mawa mwake musanapite pa lotsatira. Liwiro lonse limakoka hamstring kuposa zitsulo zambiri za m'jimu, choncho libwere pambuyo pa muyezo wa 90 peresenti wa a Kochi.

Mayeso omaliza ndi H-test ya Askling. Mutagona chagada bondo lili lowongoka, wina atagwira mwendo winawo, kwezani mwendo mofulumira mmene mungathere, katatu, kuyambira wabwino. Mukamva mantha kapena mwendo ukadzigwira wokha, simunakonzeke ngakhale ululu palibe. Pitirizani masewera, mudzayesenso pakadutsa masiku 3 mpaka 5. Pakatha masabata awiri kuchokera lero mukutsimphinabe, kapena extender sikupita patsogolo, kaonaneni ndi physio maso ndi maso akupimeni, mwina adzafuna sikani ya ultrasound kapena MRI.