Ndigule laputopu yamphamvu, kapena vuto lili kwina?

Wachaka choyamba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuphunzira za uinjiniya, koma kosiyi sikundikoma ngakhale pang'ono. Ndikuganiza zogula laputopu ya RAM (memori yoyendetsera mapulogalamu) ya 16GB, mwina ndikamayeserera pandekha AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta, mtima ungabwerere m'malo. Koma ndalama yake ndi yambiri. Ndigule?

Wachaka chachinayi: Gula, mng'ono wanga. Kulabu makompyuta sakwanira. Umadikira mnzako amalize, iwe ukangokhala pampando nthawi yotseka yakwana, chojambula chako chili pakati. Autodesk, kampani yopanga AutoCAD, imaipereka kwaulere kwa ophunzira, chilolezo cha chaka chimodzi chomwe umatha kuwonjezera ukadali pasukulu. Ukamajambula wekha madzulo, zimene aphunzitsi ananena masana zimayamba kumveka.

Womaliza maphunziro: Ine ndikukana. Chaka choyamba nthawi zambiri ndi masamu ndi fizikisi, zofuna pepala ndi kalikyuleta. Tandiuza, chikukugwetsa ulesi n'chiyani kwenikweni?

Wachaka choyamba: Achemwali, m'kalasi tilipo ambiri zedi, wakumbuyo samva n'komwe. Asayinimenti imabwera ndi malikisi okha, popanda ngakhale mawu amodzi osonyeza pamene ndalakwa.

Womaliza maphunziro: Ndiye laputopu ikonza chiti pamenepo? Chimapweteka n'chakuti watha mausiku pa ntchito, koma ikubwera ngati palibe anaiwerenga. Nyamula pepalalo, upite kuofesi ya aphunzitsi pa maola amene amaonana ndi ophunzira, uwafunse funso limodzi lolunjika: nambala 3 ndinaphonya pati? Ambiri amafotokoza bwino pamaso kuposa m'kalasi yodzaza. Upezenso anzako atatu kapena anayi oti muzikambirana mafunso akale.

Mphunzitsi: Mwalankhula zoona. Ifenso tikakhala ndi mapepala mazanamazana, ndemanga zimachepa, ngakhale si chifukwa chokwanira. Wophunzira amakhutira akamaona kuti zimene taphunzitsa, zimene tafunsa pa mayeso, ndi ntchito imene akuiyembekezera zikugwirizana. Komabe makina akufunika. Manotsi ambiri timatumiza pa intaneti, ndipo kulemba lipoti la labu pa foni ndi chizunzo.

Wachaka chachinayi: Mwamva, achemwali? Agule basi.

Mphunzitsi: Agule, koma osati yodulayo. Ya RAM ya 8GB yokhala ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga) ikwanira panopa, bola ikhale yoti RAM yake n'kuwonjezereka akadzafika pa zojambula za 3D. Afunse asanalipire, chifukwa m'malaputopu ena opyapyala aja RAM anaimatiriratu.

Wachaka choyamba: Zikomo nonse. Mawa ndiyamba ndi kuofesi. Nanga SSD ya 256GB ikwana, kapena ndiyang'ane ya 512GB?